Ndani Anasanduka Chilombo? Otayika Otchuka a M'mabuku ndi a M'moyo Weniweni

Pa mabuku onse okamba za anthu otayika, palibe lomwe lamveka kutali kuposa Lord of the Flies la William Golding. Linatuluka mu 1954, makampani angapo osindikiza mabuku atayamba alikana, ndipo lero limaphunzitsidwa m'sukulu za m'mayiko ochuluka. Mwini wake anali mphunzitsi ku Salisbury, osati ya kuno ku Zimbabwe imene agogo athu ankaitcha Halale, koma ya ku England. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ngati msilikali wa pamadzi, ndipo mu 1983 analandira mphoto ya Nobel.

Nkhani yake njosavuta kuigwira. Ndege yagwa pachilumba, palibe wamkulu wapulumuka, atsala anyamata a sukulu a ku England okhaokha. Poyamba asankha mtsogoleri, agawana ntchito, apangana kuti woyankhula pamsonkhano azigwira chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Posakhalitsa moto auleka uzime, misonkhano yatha, ndipo pamene sitima ikufika n'kuti anyamata atatu atafa kale, wachinayi anzake akumusaka ndi mikondo ngati gwape. Golding ankatanthauza kuti uchinyama uli mwa munthu aliyense, ndipo chimene chimaugoneka pansi ndi polisi, sukulu ndi kuopa chilango basi.

Chimene chimandiwawa m'bukuli si imfa za anawo. Ndi njira imene mlembi anasankha poonetsa kuti ana a Angerezi aja tsopano agwa: awapaka utoto kumaso, awavula malaya, awapatsa mikondo, awavinitsa mozungulira moto. Ndiye kuti mwana wa mzungu akafika pansi penipeni amafanana ndi ife monga momwe Ulaya ankatijambulira. Munthu amene anakulira m'komboni ya ku Chakari, ku Patchway kapena ku Eiffel Flats, kumene ana ndi adzukulu a Amalawi amatulutsabe gule pa maliro, amadziwa kuti ng'oma ndi utoto zimayenda ndi mwambo wokhwima kuposa malamulo a sukulu ya ana a Golding. Choncho tiyeni tiike mabuku otchukawa pambali pa zimene zinachitikadi, tione amene anapirira koposa, amene anakhalitsa koposa, ndi amene anafulumira koposa kudya mnzake.

Amene anachititsa buku manyazi

Mu June 1965, anyamata 6 a sukulu yogonera komweko ku Nuku'alofa, likulu la dziko la Tonga, anatopa ndi sukulu, natenga bwato la msodzi wina osapempha. (Atonga awa ndi a m'nyanja ya Pacific, alibe chibale ndi a ku Nkhata Bay kapena a ku Binga.) Usiku woyamba womwe mphepo inang'amba thanga ndi kuthyola chiwongolero. Anatengeka ndi madzi masiku 8 mpaka anakafika pa 'Ata, chilumba cha miyala chimene chinali chopanda anthu chichokereni 1863, pamene ogula akapolo anagwira gawo lalikulu la eni ake. Anakhalapo miyezi 15.

Atawapeza Peter Warner, woyendetsa sitima wa ku Australia, mu September 1966, anaona dimba, khola la nkhuku, mitengo yogoba yosungira madzi a mvula, ndi moto umene sankaulola kuzima. Ntchito ankagwira awiriawiri mosinthana. Awiri akakangana, ankawapatula, wina uku wina uko, mpaka mitima itatsika. M'mawa ndi madzulo ankaimba ndi kupemphera, ndipo mmodzi anakhoma gitala ndi thabwa, chigoba cha kokonati ndi mawaya a bwato lawo losweka lija. Wina atagwa pathanthwe n'kuthyoka mwendo, anzake anaumanga ndi timitengo, namugwirira ntchito zake mpaka unalumikizana. Kwawo n'kuti maliro awo atalira kale. Ndipo chimene dziko la malamulo linawalandira nacho pofika ndi chitokosi, chifukwa mwini bwato anali asanaiwale.

Nkhani imeneyi inakhala zaka zoposa 50 osadziwika kwenikweni kunja kwa Tonga ndi Australia, mpaka Rutger Bregman wa ku Netherlands anailemba m'buku lake Humankind, limene linamveka dziko lonse mu 2020. Ana opeka ophana anatchuka msanga. Ana enieni osungana anadikira.

Amene anakhalitsa

M'mabuku, katswiri wokhalitsa ndi Robinson Crusoe wa Daniel Defoe, wa mu 1719: zaka 28 pachilumba. Munthu weniweni amene ambiri amati ndiye anapatsa Defoe maganizowa, Alexander Selkirk wa ku Scotland, anakhala zaka 4 ndi miyezi 4 yokha pa chimodzi mwa zilumba za Juan Fernández, ndipo analibe wantchito. Crusoe amatamandidwa kuti anamanga chitukuko ndi manja ake, koma owerenga ambiri amalumpha chimene anakwerera sitima ija: amapita ku gombe la Guinea kukagula akapolo. Ndipo atapeza mnzake woyamba patatha zaka zoposa 20 za kusungulumwa, sanamufunse dzina. Anamutcha Friday, namuphunzitsa kuti azimutchula iye mbuye.

Wokhalitsa yekhayekha amene mbiri yake njodziwika bwino ndi mayi wina wa pachilumba cha San Nicolas kufupi ndi California, amene anatsala yekha kuyambira 1835 mpaka 1853, zaka 18. Amishoni anamubatiza Juana Maria. Atamutengera kumtunda anangokhala masabata owerengeka n'kumwalira.

Koma kwa ine mphoto ya gulu lokhalitsa ndi ya anthu a pa Tromelin, ndipo ndi pano pamene funso lakuti wotukuka ndani limayankhika popanda mlembi kuvutika. Pa 31 July 1761, sitima ya Afalansa yotchedwa L'Utile inasweka pa kachilumba ka mchenga, kotalika ndi kutambalala kosaposa sikweya kilomita imodzi, makilomita pafupifupi 450 kum'mawa kwa Madagascar. Inanyamula mozemba akapolo pafupifupi 160 a ku Madagascar. Ambiri anamira ali otsekeredwa m'chipinda cha pansi. Opulumuka, azungu ndi akapolo omwe, anakumba chitsime, ndipo m'miyezi iwiri anakhoma ngalawa ndi matabwa a sitima yoswekayo. Ngalawa itatha, amalinyero oposa 120 anakwera onse. Akapolo makumi angapo amene anathandiza kuikhoma anawasiyira chakudya chochepa ndi lonjezo lakuti tibweranso. Bwanamkubwa wa chilumba chimene lero ndi Mauritius anakana kutumiza sitima.

Panapita zaka 15. Pa 29 November 1776 sitima inafika, nipeza amayi 7 ndi khanda la miyezi 8. Pachilumbapo panalibe mtengo ndi umodzi womwe, ndipo namondwe amasesa chaka ndi chaka, koma amayiwo anati moto wawo sunazimepo. Akatswiri ofukula zakale amene anayamba kukumba pamenepo mu 2006, motsogozedwa ndi Max Guérout, anapeza nyumba za makoma ochindikala omangidwa ndi miyala ya m'nyanja, khitchini, masupuni osula okha, ndi mbale za mkuwa zogambidwa kangapo konse. Otsalawo ankadya mbalame, mazira ndi akamba a m'nyanja. Kwawo ku Madagascar miyala inali ya manda, osati ya nyumba za amoyo, koma anauswa mwambowo kuti ana asauluzike ndi mphepo. Amene anali ndi kampasi, mayunifolomu ndi Baibulo anathawa. Amene analembedwa m'kaundula ngati katundu anamanga mudzi.

Amene anafulumira kuphana

Golding sananame kotheratu. Alipo otayika amene anachita zoopsa kuposa za m'buku lake, kungoti sanali ana, ndipo sanali opanda atsogoleri.

Mu July 1816 sitima ya nkhondo ya Afalansa, Méduse, inatsakamira pamchenga kufupi ndi gombe la Mauritania. Imapita ku Senegal kukakhazika bwanamkubwa watsopano, kapena tinene kuti imapita kukatukula Afirika. Woyendetsa wake anali atatha zaka pafupifupi 20 osayendetsa sitima. Udindowo anaupeza chifukwa chokhulupirika kwa mfumu. Mabwato opulumukira sanakwane, choncho akuluakulu anakwera mabwato, ndipo anthu pafupifupi 147 anawaunjika pa matabwa omangidwa pamodzi, n'kulonjeza kuti awakoka ndi chingwe. Atayenda pang'ono chingwe chija anachitaya. Pa matabwapo panali migolo ya vinyo m'malo mwa madzi. Masiku awiri asanathe anthu anayamba kubayana, kenako kudya mitembo, kenako kuponya ofooka m'nyanja kuti vinyo akwane. Patatha masiku 13 anapezeka amoyo 15. Chithunzi chachikulu cha Théodore Géricault cha mu 1819, chimene chili ku Louvre mu Paris, chimaonetsa matabwa amenewa, ndipo munthu amene ali pamwamba pa onse akukupiza nsalu kuitana sitima ndi wakuda.

Pa kuchuluka kwa ophedwa mwadala, palibe yoposa Batavia, sitima ya kampani ya malonda ya Adatchi imene inasweka kufupi ndi Australia mu 1629. Mkulu wa ulendo atapita kukafuna thandizo, Jeronimus Cornelisz, munthu wophunzira amene kale ankagulitsa mankhwala, analanda ulamuliro, ndipo gulu lake linapha anthu pafupifupi 125, amayi ndi ana omwe. Sichinali chipwirikiti. Panali komiti, malumbiro osainidwa ndi zigamulo zolembedwa bwinobwino.

Yodabwitsa koposa ndi iyi. Mu 1838 Edgar Allan Poe analemba nkhani yopeka ya amalinyero anayi anjala amene anachita maere n'kudya mnzawo wotchedwa Richard Parker. Mu 1884, patapita zaka 46, ngalawa yeniyeni, Mignonette, inamira m'nyanja ya Atlantic. Anapulumuka anayi, ndipo patatha masabata pafupifupi atatu awiri a iwo anagwirizana kupha wamng'ono pa onse, mnyamata wa zaka 17. Dzina lake linali Richard Parker. Maere sanachite. Khoti la ku England linagamula kuti njala si chifukwa chophera munthu, linawaweruza kuti anyongedwe, koma chilango chinatsitsidwa kufika pa miyezi 6, ndipo mlanduwu ophunzira zamalamulo amauwerenga mpaka lero. Nyalugwe wa m'buku la Life of Pi la mu 2001 anapatsidwa dzina lomweli. Yerekezani ndi aja a ndege ya ku Uruguay imene inagwa m'mapiri a Andes mu 1972: mwa anthu 45 anapulumuka 16 patatha masiku 72, ndipo iwonso anadya matupi a akufa, koma atakambirana, atapangana, osapha munthu.

Loyandikira kwathu, ndi wamng'ono pa onse

Buku la mtundu uwu limene linafika pafupi ndi kwathu ndi A Girl Named Disaster la Nancy Farmer, mayi wa ku America amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Linatuluka mu 1996. Nhamo, mtsikana wa Chishona wa ku Mozambique, akuthawa ukwati wokakamizidwa umene akulu akuti ulipire mzimu wa munthu amene bambo ake anapha. Agogo ake aakazi akumuuza kuti atenge bwato apite ku Zimbabwe. Ulendo wa masiku awiri ukusanduka wa miyezi yambiri, madzi atamukokera m'nyanja ya Cahora Bassa ku Tete, kumene akukhala pachilumba pamodzi ndi anyani. Bukuli lili ndi zofooka zake, mlembi amafotokoza miyambo ngati akuonetsa alendo, koma linalondola pa chinthu chimodzi. Nhamo sapulumuka chifukwa choiwala za kumudzi. Amapulumuka ndi zimene anaphunzira kumudziko: kulima, kutchera misampha, kudziwa chodyedwa ndi chakupha, ndi nthano zimene amadzisimbira yekha usiku. Ndipo atawoloka malire odzala mabomba okwirira, pa nyumba yoyamba ya magetsi imene akufikapo akumukhwirizira agalu.

Moyo unatsimikizira bukuli kumapeto kwa December 2024. Mnyamata wosakwana zaka 10 wa m'dera la Nyaminyami anasochera, nalowa m'nkhalango ya Matusadona, imene ili pakati pa mtsinje wa Ume ndi wa Sanyati, pamene Sanyati akuthira m'nyanja ya Kariba. M'menemo muli mikango ndi njovu. Anakhalamo masiku 5. Ankadya zipatso za m'tchire, kugona pamatanthwe, ndi kufukula mchenga wa mumtsinje wouma ndi kamtengo mpaka madzi atatuluka, monga amachitira ana onse a dera la chilalalo. Kumudzi anthu ankaimba ng'oma usiku uliwonse kuti mwina amva n'kulondola. Anamupeza ndi asilikali a zanyama atatsata mapazi ake. M'buku la Golding kuvina kwa usiku ndi chizindikiro chakuti umunthu watha. Ku Nyaminyami ng'oma ya usiku inali mudzi wonse ukuitana mwana.

Tisanamizire azungu okha. Mu 1950 boma la Southern Rhodesia linayamba kusamutsa anthu a ku Rhodesdale kuti malo awo apatsidwe kwa alimi achizungu, niliwatutira pa malole ku Sanyati, kenako ku Gokwe, dziko la kashembe, malungo ndi zilombo. Obwerawo, amene anatchedwa Madheruka, anali atalawako sukulu, tchalitchi ndi khasu la ng'ombe, ndipo ankaona eni dera, amene ankawatcha Ashangwe, ngati otsalira. Anthu othamangitsidwa dzulo lomwe chifukwa chosayesedwa otukuka anafika n'kupeza ena oti awayese osatukuka. Komatu amene ankadziwa kumene madzi amapezeka mu October anali otsalirawo.

Pansi pa nthaka

Chilumba cha anthu a ku Kadoma ndi ku Chegutu si cha pamadzi, ndi mgodi. Amalawi anayamba kubwera kuno ulamuliro wa atsamunda utangokhazikika, ena pansi wapansi kudzera ku Tete, ena atagwidwa ndi chibalo, kudzakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny pamene matauniwa ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Otayika amenewa, matchona, chimene anayamba kukhazikitsa m'makomboni ndi mabungwe a maliro, kuti munthu wakufera kutali asaikidwe ngati wopanda kwawo. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Ngozi yaikulu koposa ya mumgodi m'dziko lino inachitika pa 6 June 1972 ku Wankie, lero Hwange, pamene mgodi wa malasha wa nambala 2 unaphulika n'kupha anthu 427, mwa iwo Amalawi 37 ndi a ku Zambia 91. Kumeneko kunalibe nkhani ya kupirira. Mgodi unatsekedwa mitembo yambiri ili momwemo.

Okhalitsa pansi amoyo amene dziko lonse limawadziwa ndi amuna 33 a mumgodi wa San José ku Chile, amene anakwiririka pa 5 August 2010 pa kuya kwa mamita pafupifupi 700, natuluka patatha masiku 69. Masiku 17 oyamba kunja sankadziwa ngati ali moyo. Chakudya chinali cha masiku awiri kapena atatu, koma kapitawo wawo Luis Urzúa anachigawa mwakuti aliyense ankalandira masupuni awiri a nsomba ya m'chitini, kamkaka pang'ono ndi kabisiketi pa masiku awiri alionse. Nkhani zikuluzikulu ankavota. Mikangano inalipo, sanali angelo, koma onse 33 anatuluka, kapitawo pomalizira.

A kwathu sanalembedwe m'mabuku kapena kujambulidwa m'mafilimu. Usiku wa pa 12 February 2019, mvula yamphamvu itagwa ku Battlefields, kumwera kwa Kadoma, madzi anasefukira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon muli makorokoza ambirimbiri, anthu okumba golide paokha. Boma linalengeza kuti ndi ngozi ya dziko. Patatha masiku 4 anatulutsidwa amoyo anthu 8, amene anakhala mumdima opanda chakudya, madzi akuwafika m'khosi, ndipo mitembo 24 inapezeka. Mapampu anachokera ku migodi ikuluikulu, koma ambiri mwa amene ankatsika ndi zingwe m'maenje opapatizawo anali makorokoza anzawo, anthu omwe aja m'tauni amanenedwa kuti ndi zidakwa zopanda khalidwe. Mu September 2023 zinabwerezanso ku mgodi wa Bay Horse m'boma la Chegutu, kumene nthaka inagumukira anthu oposa 30. Ena anatuluka, ena anafera momwemo.

Nanga uchinyama wa m'dera lino uli kuti? Ulipo ndithu, ndipo aliyense wa ku Kadoma angakuuzeni dzina lake: maShurugwi, magulu a zikwanje amene amalanda miyala ya golide, kutema anthu ndi kuthamangitsa eni maenje. Mu December 2019, chaka chomwecho cha madzi aja, gulu lotere linapha wapolisi pa mgodi wa Good Hope ku Battlefields komweko, ndipo kumayambiriro kwa 2020 apolisi anagwira anthu mazanamazana m'madera a migodi. Mlembi wofuna kutsanzira Golding akhoza kuthamangira kumeneko n'kunena kuti onani zimene munthu amasanduka lamulo likachoka. Akhala ataphonya. Anyamata a zikwanjewa sanasochere, sanakwiririke, ndipo sakufa ndi njala. Ali ndi mafoni, amabwera pa galimoto, amadziwa mtengo wa galamu ya golide tsiku limenelo, ndipo ali ndi wowagula amene amavala jekete.

M'zaka zambiri zapitazi, golide woposa theka amene amafika ku Fidelity, kampani ya boma yogula ndi kuyenga golide ku Harare, amachokera kwa okumba ang'onoang'ono, a zingwe ndi matochi a pamphumi omwewa. Golide wina sadzera n'komwe kumeneko. Lipoti la International Crisis Group la mu November 2020 linayerekeza kuti golide wa ndalama zoposa madola 1.5 biliyoni a ku America amatuluka m'Zimbabwe mozemba chaka chilichonse, ndipo wambiri amakathera ku Dubai.